Musanagule BMX ku Chiputula: mafunso a makolo ndi a akuluakulu amene anaisirira kale

Ku Chiputula njinga timaidziwa ngati chida chantchito. Imasenza makala ndi chimanga, imathamangira ndi wodwala kuchipatala cha St John's, ndipo anyamata a kabaza, amene kuno timawatcha a Sacramento, amadyetsa nayo mabanja. N'chifukwa chake mwana akanena kuti akufuna BMX, kanjinga kopanda kaliyala, kopanda madigadi, kachishalo kali pansi, kholo limagwira njakata. Aliponso akuluakulu amene anaisirira njingayi ali ana, makolo awo osakwanitsa, ndipo lero poti akupeza kangachepe akufuna aigwire m'manja. Mafunso otsatirawa ndi a magulu awiri amenewa. Poyankha ndaima pa mfundo imodzi: BMX yoyenera munthu wa ku Mzuzu ndi imene ikugwirizana ndi msinkhu wake, imenenso wokonza njinga wapafupi angaikonze ndi zipangizo zopezeka mumzinda momwemuno. Utoto ndi dzina lolembedwa pafelemu zibwere pambuyo.

Kodi BMX n'chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi njinga ya ana wamba?

Zilembo zitatuzo zikuimira Bicycle Motocross. Masewerawa anayambira kum'mwera kwa California ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970. Ana a kumeneko ankaonerera akuluakulu akupikisana pa njinga zamoto m'mabwalo adothi okhala ndi zitunda, nawonso n'kuyamba kutengera pa njinga zawo zakapalasa, makamaka Schwinn Sting-Ray imene inatuluka mu 1963. Njinga zimenezo sizinapangidwire kudumpha, ndiye mafoloko ndi mafelemu ankangothyoka. Apa m'pamene panabadwa makampani opanga zolimba, monga Mongoose yomwe inayamba mu 1974, Redline, GT ndi Haro.

Mbiri imeneyi ndiyo ikufotokoza maonekedwe a njingayi. Mawilo ake ndi a mainchesi 20, chifukwa wilo laling'ono ndi lolimba ndipo silichedwa kuyamba liwiro. Felemu ndi yaifupi, giya ndi imodzi, mahandulo ndi aatali okhala ndi chitsulo chopingasa pakati. Chishalo n'chotsika chifukwa wokwera amakhala ataimirira pamapedulo nthawi zambiri.

Si zachibwana zokhazokha ayi. Mpikisano wa BMX unalowa m'masewera a Olympics ku Beijing mu 2008, ndipo Sifiso Nhlapo wa ku South Africa anafika mundime yomaliza. Mu 2010 mpikisano wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Pietermaritzburg, kuno kum'mwera kwa Africa. BMX yoonetsa luso lodumpha ndi kuzungulira m'malere inalowa nawo ku Tokyo, m'masewera amene anachitika mu 2021.

Koma dziwani kuti m'masitolo muli tinjinga tambiri ta ana tomatidwa chipepala cholembedwa BMX pomwe mapangidwe ake ndi a njinga yongozungulira pabwalo. Toteroto n'tabwino kwa mwana wa zaka 6 amene akuphunzira kupalasa. Mnyamata wa Fomu 2 akadumpha nako ngalande kawiri katatu, kamapindika.

Ndikufuna njinga yoti mwana azipitira kusukulu, azitumidwanso nayo kuchigayo. BMX ingagwire ntchito imeneyo?

Ndikuuzeni mosabisa, mayi: ayi. Kutuma BMX kuchigayo kuli ngati kupita kokapalira ndi nkhwangwa. Ilibe pomangira thumba, ilibe madigadi, ndiye mvula yathu ya ku Mzuzu ikagwa, matope onse ofiira amathera pa yunifolomu kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Mukapalasa kamodzi, njingayi imayenda mamita pafupifupi 4.4, pomwe njinga yaikulu ya mawilo a mainchesi 28 imapita patsogolo kuposa apo, wokwera atakhala bwinobwino pachishalo. Ulendo waufupi, monga kukagula tomato kumsika wa Chiputula kapena kukaona mnzake ku Chibavi, palibe vuto. Koma kupita ku Luwinga kapena ku Katoto m'mawa uliwonse, chikwama cha mabuku chili kumsana, mwana adzatopa nayo sabata isanathe.

Ngati pakhomo pakufunika njinga imodzi yokha yothandiza aliyense, gulani yantchito. Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, mwachitsanzo, ili ndi kaliyala yopangidwira katundu wolemera makilogalamu 100. Kwa wopita kusukulu yakutali, njinga yamagiya ndiyo imapepuza zitunda za mumzinda muno.

Komabe sindikugwirizana ndi amene amati ndalama yogulira njinga yamasewera ndi yotayika. Mwana wa zaka 13 kapena 16 ali ndi mphamvu zofuna kotulukira. Akamathera madzulo akuphunzira kudzutsa wilo lakutsogolo, akugwa n'kudzukanso, akumasula yekha mabawuti n'kumanganso, ndiye kuti akuphunzira kupirira ndi kusamala chinthu chake. Amakhalanso pamalo oti mukumuona. Chofunika n'chakuti pogulapo mudziwe kuti mukugula chida chamasewera, kuti mawa musadzakangane naye pa ntchito imene njingayo siingathe.

Ndamva kuti zilipo zamitundumitundu. Yoyenera kuno ndi iti?

Mitundu ikuluikulu ndi iwiri. Yampikisano wa liwiro imakhala yopepuka kwambiri, kawirikawiri ya aluminiyamu, yamatayala owonda ndi buleki yamphamvu yakumbuyo. Inapangidwira bwalo losalazidwa bwino ndipo siikondwa ndi kumenyetsedwa pamiyala. Ya freestyle imakhala yachitsulo, yolemererapo, yamatayala onenepa, yopangidwira kudumpha, kugwa ndi kudzukanso.

Mwana wa ku Chiputula adzakwera panjira zafumbi, pamabampu, m'mbali mwa ngalande ndi pabwalo la mpira. Mugulireni ya freestyle yachitsulo, ndipo matayala ake akhale amano, otambalala mainchesi 2.1 mpaka 2.3. Matayala osalala amene amabwera ndi njinga zina ndi a pasimenti. Padothi lonyowa la katondo amaterereka wokwera asanaganize n'komwe zogwira buleki.

Ana amakula msanga. Bwanji ndimugulire yaikulu kuti akule nayo?

Maganizo amenewa amagwira ntchito pa juzi, koma panjinga yodumphira amavulaza. Njinga ikamutalikira mwana, amalephera kukoka mahandulo kuti wilo lakutsogolo lidzuke, ndipo ikayamba kumugwetsa sangaithawe msanga.

Yambani ndi mawilo. Mwana wosafika masentimita 120 amayenera mawilo a mainchesi 16. Wapakati pa 120 ndi 140 amayenera a mainchesi 18. Wopitirira pamenepo ndiye wafika pa mainchesi 20, saizi yeniyeni ya BMX, imene amakwera ngakhale akuluakulu. Malire amenewa amasiyanako pang'ono kampani ndi kampani.

Pa njinga za mainchesi 20, chimene chimasiyanitsa ndi kutalika kwa chitsulo chapamwamba cha felemu, chochokera pakhosi pomwe palowa foloko kukafika pomwe palowa chishalo. Tengani tepi ya telala popita kogula, muyeze kuchokera pakati mpaka pakati. Wamsinkhu wa masentimita 150 mpaka 165 amamva bwino pa mainchesi 20, omwe ndi masentimita pafupifupi 51. Wa 165 mpaka 175 afunika mainchesi 20.5. Wamtali kuposa apo ayang'ane 20.75 kapena 21. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa papepala, koma msana ndi mikono zimakumva.

Musaweruze saizi poyang'ana chishalo. Makolo ambiri akaona mawondo a mwana akufika pafupi ndi mahandulo amati njinga yamuchepera, pomwe ndi mmene inapangidwira. Muuzeni aimirire pamapedulo. Ngati mikono yapindika pang'ono, msana sunakhote kwambiri, ndipo mawondo sakugunda mahandulo akamakhota, njingayo yamukwana. Choncho mwini wake apite nawo kogula. Mphatso yodzidzimutsa imakoma tsiku limodzi, koma saizi ikalakwika sitolo zambiri sizibweza ndalama.

Zonse zimanyezimira m'sitolo. Ndingadziwe bwanji yolimba?

Yang'anani felemu musanayang'ane china chilichonse, chifukwa zina zonse zimasinthika koma felemu ikathyoka njinga yatha.

Zitsulo zake ndi zitatu. Chotchipa amachitcha hi-ten. N'cholemera, ndipo chikamenyetsedwa kawirikawiri chimapindika. Chabwino amachitcha chromoly, ndipo pafelemu amalembapo 4130 kapena CrMo. Ichi n'chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi molybdenum, cholimba kwambiri moti mapaipi ake amatha kukhala opyapyala, njinga n'kupepuka. Chachitatu ndi aluminiyamu. Maginito amamata pa zitsulo ziwiri zoyambazo koma samata pa aluminiyamu, ndiye kamaginito ka m'sipika yakale kangakuthandizeni. Nkhani ya aluminiyamu ndi yakuti ikang'aluka, wowotcherera wamba wa mageti ndi mawindo sangaikonze. Chitsulo chimawotchereka, ngakhale kuti chromoly yopyapyala imafuna mmisiri wa dzanja lofatsa, apo ayi amaiboola.

Kwa mwana wopepuka amene akungoyamba, hi-ten yopangidwa bwino ikwanira. Kwa mnyamata wathupi amene wayamba kale kudumpha, kapena kwa munthu wamkulu, chromoly ndiyo yosunga ndalama. Makampani ena amapanga mapaipi atatu okha akutsogolo ndi chromoly, ena onse hi-ten. Imeneyo ndi yapakatikati, ndipo si yoipa. Chipepala chomata aliyense angathe kusindikiza, ndiye muinyamulenso njingayo. BMX yabwino ya freestyle imalemera makilogalamu 11 kapena 12. Ikamakoka dzanja ngati ndowa yodzaza, zolembedwazo muzikayikire.

Kenako gwadani muone kumapeto kwa felemu ndi kwa foloko, pomwe pamalowa ekiselo ya wilo. Panjinga yeniyeni pamakhala chitsulo chochindikala chowotcheredwa mozungulira bwino. Pa zongotengera amangophwatalala paipi n'kutsekerapo kachitsulo kopyapyala, ndipo pamenepo ndi pomwe pamayamba kutseguka. Onaninso mizere yowotcherera. Ikhale yofanana, yopanda mabowo ndi zibuma. Malimu abwino amakhala a makoma awiri, ndipo masipoko akhale 36 pawilo lililonse. Finyani buleki mwamphamvu. Ngati chogwirira chake ndi chapulasitiki ndipo tizitsulo togwira limu tikupindika mukuona, dziwani kuti pamtsetse sitidzaimitsa munthu.

Ikawonongeka, zipangizo zake ndikazipeza kuti?

Ili ndiye funso limene ndikanakonda aliyense alifunse poyamba. Njinga zambiri zabwino zatsamira khoma m'nyumba za anthu chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosapezeka.

Pali zina zosadetsa nkhawa. Tcheni cha BMX n'chofanana kukula ndi cha njinga zikuluzikulu za giya imodzi zimene akabaza amakwera, ndiye wokonza njinga aliyense ali nacho. Matayala ndi machubu a mainchesi 20 nawonso savuta kwenikweni chifukwa njinga za ana zilipo zambiri, ngakhale kuti ena ndi ofewa osakhalitsa. Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Pali masaizi awiri amene onse amatchedwa 20. M'mbali mwa tayala mumalembedwa nambala, ndipo ya BMX wamba ndi 406. Ina ndi 451, yopezeka pa njinga zina zampikisano, ndipo tayala la 406 silingalowe pamenepo ngakhale mulikakamize ndi supuni. Njinga ya 451 musaigule kuno.

Pofunika kuganiza mofatsa ndi pa habu yakumbuyo. BMX zachikale ndi zotchipa zambiri zili ndi sipuloketi yaikulu ya mano 44 kutsogolo ndi fuliwilo ya mano 16 kumbuyo, yomanga mopota. Zamakono zili ndi kasipuloketi ka mano 25 kutsogolo ndi mano 9 kumbuyo, pa habu imene amaitcha cassette. Kulemera kwa kupalasa n'chimodzimodzi: pa yoyambayo wilo limazungulira ka 2.75 mukapalasa kamodzi, pa yachiwiriyo ka 2.78. Anachepetsa manowo kuti sipuloketi isamagunde pansi podumpha ndiponso kuti njinga ipepuke. Koma mano 9 aja akatha kapena tizitsulo ta m'kati mwa habuyo tikathyoka, muyenera kuitanitsa kunja, ndipo habu za makampani osiyana sizibwerekana zipangizo. Fuliwilo yopota ija ndi yamtundu umodzi ndi ya njinga zina za giya imodzi, ndipo kuisintha ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kwa mwana wa ku Chiputula amene alibe wachibale womutumizira zinthu kuchokera kunja, ine ndingasankhe ya 44 ndi 16 ngakhale ikuoneka yachikale. Ili ndi ubwino winanso: zitunda zikamukulira, mungaikepo fuliwilo ya mano 18, kupalasa n'kupepuka.

Mikono ya mapedulo nayo ili pawiri. Ina ndi chitsulo chimodzi chopindidwa kuchokera kupedulo lina kukafika kulinzake. Imeneyi imapindika pansi pa munthu wolemera, koma mabering'i ake ndi omasuka, oti aliyense angatsuke n'kupaka gilisi. Ina ndi ya zidutswa zitatu, yolimba kwambiri, ndipo kawirikawiri imayendera mabering'i otsekedwa amene salowa matope msanga. Amenewa akatha sakonzedwa, amangosinthidwa. M'mbali mwake mumakhala nambala, ndiye tengani lakuthalo mukafananize m'masitolo a zipangizo za magalimoto ndi makina. Dziwaninso kuti mapedulo a mitundu iwiriyi salowana. A chitsulo chimodzi mazinga ake ndi a theka la inchesi, a zidutswa zitatu ndi okulirapo. Mukakakamiza mumapha mazinga.

Mawilo apulasitiki a nthambi zisanu aja amakopa maso, koma akapindika palibe sipoko yoti mmisiri akoke kuti awongoke. Asiyeni.

Njira yachidule pa zonsezi ndi iyi: pitani kogula ndi wokonza njinga amene mumamukhulupirira, mumupatse kangachepe ka nthawi yake. Iye akangoyang'ana habu ndi mikono ya mapedulo adzakuuzani ngati angaikwanitse.

Mwana akuumirira mapegi ndi mahandulo ozungulira osakodwa. Akutinso akatswiri sakhala ndi mabuleki. Ndimumvere?

Mapegi, timapaipi tomangidwa kumapeto kwa ekiselo, ntchito yake ndi kutsetsereka pazitsulo ndi pamakoma aafupi, kapena kupondapo poonetsa luso. Koma tonse tikudziwa chimene ana athu adzachite nawo: kukwezana. Ekiselo yakumbuyo ya BMX yabwino ndi yonenepa mamilimita 14. Ya zotchipa ndi ya mamilimita pafupifupi 10, ndipo mnzake akaimirirapo masiku angapo imapindika, wilo n'kuyamba kuvina. Choopsa kwambiri n'chakuti kanjinga kakafupi kotere, katanyamula anthu awiri pamtsetse, sikaima. Ngati mapegi abwera ndi njinga, amasuleni muwasunge mpaka mwana atadziwa ntchito yake.

Chipangizo cholola mahandulo kuzungulira osakola mawaya a buleki amachitcha gyro. Chimafuna mawaya akeake ogawika pawiri, ovuta kupeza, ndipo chikalowa fumbi buleki imafooka. Woyamba kumene sachifuna. Waya umodzi wautali wopita kubuleki yakumbuyo umalola mahandulo kuzungulira kamodzi, ndipo ukaduka mugula wina pamsika.

Pa mabuleki musagonje, bambo. Zoona, akatswiri ena a freestyle amakwera opanda mabuleki, koma amatero m'mabwalo otchingidwa, atakwera zaka zambiri. Mwana wanu adzatulukira pamsewu pomwe pali njinga zamoto, ma minibasi ndi ana aang'ono othamanga. Buleki yakumbuyo ikhalepo ndipo izigwira, yakutsogolo ikhaleponso. Kuimitsa njinga popondetsa nsapato patayala kumatha nsapato ndi tayala lomwe, ndipo pamatope sikugwira.

Ndigule yatsopano kapena yakaunjika?

Pa ndalama zofanana, BMX yakaunjika ya kampani yodziwika imaposa yatsopano yopanda mbiri. Vuto ndi lakuti njinga yamtunduwu moyo wake wonse ndi womenyetsedwa, ndiye muyenera kuifufuza ngati mukugula ng'ombe yapangolo, osathamanga.

Ionereni panja, dzuwa likuwala. Pukutani fumbi pakhosi pa felemu, pansi pa paipi yotsikira kumapedulo, ndi kumapeto komwe kumalowa mawilo. Kamzere kakang'ono ngati tsitsi pafupi ndi powotcherera ndi mng'alu, ndipo mng'alu subwerera m'mbuyo. Utoto wotukumuka kapena wamakwinya kuseri kwa khosi umasonyeza kuti njingayo inagundapo chinthu mwamphamvu. Njinga yopakidwa utoto watsopano paliponse muifunse kawiri, chifukwa utoto umabisa zambiri. Imani kutsogolo muone ngati foloko yawongoka ndiponso ngati mawilo awiri ali pamzere umodzi. Zungulitsani wilo lililonse, mumvetsere ngati likukhuluza. Gwirani mikono ya mapedulo muigwedezere m'mbali. Masulani chishalo muone ngati chikukwera ndi kutsika, popeza chogwidwa ndi dzimbiri chimasonyeza kuti m'kati mwa felemu munalowa madzi. Matayala akutha, tcheni chadzimbiri, zogwirira zong'ambika, zimenezo zisakubwezeni. Ndi zonenerera mtengo basi.

Za mtengo, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu wochokera kunja wakhala akusintha mtengo pafupipafupi. Zimene mnzanu analipira chaka chatha sizikuuzani kanthu. Zungulirani m'masitolo a m'tauni ndi kumsika waukulu sabata imodzi yomweyo, mufananize. Ndalama zonse zisathere panjinga. Patulani za chisoti, loko, pampu ndi chubu chapadera.

Wina akugulitsa pa Facebook motchipa. Komanso achimwene ali ku Joni akuti angatumize. Ndichite ziti?

Wa pa Facebook kapena pa WhatsApp musamutumizire ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba musanaigwire njingayo. Kumanani masana pamalo a anthu ambiri, mupite awiri. Tembenuzani njinga muone nambala yodindidwa pansi pa felemu, pakati pa mapedulo. Ikakhala yopalidwa kapena yokwiriridwa ndi zowotcherera, chokanipo. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo mwana wanu ndiye adzagwidwe nayo pamsewu pamaso pa anzake. Lemberanani kalata yokhala ndi nambala ya felemu, mtengo, tsiku, chiphaso cha unzika cha wogulitsa ndi mboni. Yam'sitolo itengereni lisiti, nambalayo mulembenso pamenepo.

Ku South Africa kuli masitolo enieni a BMX, ndipo mabanja ambiri a kuno kumpoto ali ndi abale ku Johannesburg ndi ku Cape Town amene amatumiza katundu kudzera mwa matransipota. Mwayi umenewo ndi wabwino, bola muwerengere ndalama ya transipoti ndi msonkho wa MRA pachipata. Atumizireni achimwenewo msinkhu wa mwana m'masentimita, osati zaka zake. Ngati asankha ya habu ya cassette, apempheni aikemo m'katoni momwemo zipangizo zapadera za habuyo, mabering'i, masipoko angapo ndi mphira za mabuleki. Zimenezi n'zopepuka, koma ndi zimene zidzasowe.

Ndili ndi zaka za m'ma 40. Ndinkailota BMX ndili mwana. Kodi si zochititsa manyazi kugula pano?

Si zamanyazi ngakhale pang'ono. Amene anakulira m'matauni a dziko lino m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akukumbukira mmene mwana mmodzi wokhala ndi BMX ankasonkhanitsira dera lonse, ena akudikira kuti abwerekedwe kamodzi kokha kukafika pakona n'kubwerera. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, choncho ambiri anaionera njingayi m'magazini ndi m'mafilimu a pa tepi. Filimu ya E.T. ya 1982 inatchukitsa njinga za Kuwahara za ku Japan, BMX Bandits ya ku Australia inatuluka mu 1983 muli Nicole Kidman ali mtsikana, ndipo ku Britain kampani ya Raleigh inatulutsa Burner mu 1982. Khumbo limene linabadwa nthawi imeneyo ndi lenileni, ndipo kupalasa n'kwabwino kwa mtima wa munthu wokhala pampando tsiku lonse.

Koma thupi la lero si la nthawi ija. Dzifunseni chimene mukufuna kuchita nayo. Ngati ndi kuzungulira madzulo ndi ana anu, kapena kupita kukacheza ku Katawa Loweruka, yang'anani imene amaitcha cruiser, ya mawilo a mainchesi 24. Maonekedwe ndi omwe aja, koma felemu ndi yaitali, chishalo chimakwera, ndipo mabampu samveka kwambiri m'msana. Makampani ena monga SE Bikes amapanganso za mainchesi 26 ndi 29. Kumbukirani kuti matayala a 26 ndi osavuta kupeza chifukwa ndi a njinga zamagiya zimene zili ponseponse, pomwe a 24 muyenera kufunsiratu musanagule. Ngati mtima wakakamira pa mainchesi 20, tengani ya chromoly, ya chitsulo chapamwamba cha mainchesi 20.75 kapena 21, ya mikono ya zidutswa zitatu ndi malimu a makoma awiri.

Mukapeza yeniyeni ya m'ma 1980 ili m'nyumba ya wina, ndi chuma, ndipo kunja anthu osunga zakale amazifuna kwambiri. Musaipale utoto wake kapena kuchotsa zolembedwa. Koma musadumphe nayo. Khosi lake ndi la inchesi imodzi la mazinga pomwe zamakono ndi zokulirapo zopanda mazinga, choncho foloko ikathyoka simupeza ina msanga, ndipo pulasitiki ya zaka 40 imasweka mosachenjeza.

Yambani pang'onopang'ono. Munthu wamkulu akagwa amatchinjiriza ndi dzanja, ndipo mkono wothyoka umaimitsa ntchito imene ikudyetsa banja. Amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la mtima, yambani mwafunsa kuchipatala musanalimbane ndi zitunda.

Nanga mwana wamkazi?

Mugulireni. Mendulo yoyamba yagolide ya amayi pa BMX ku Olympics anapata ndi Anne-Caroline Chausson wa ku France mu 2008, ndipo Mariana Pajón wa ku Colombia anapambana kawiri, mu 2012 ndi mu 2016. Njinga yake ndi yomweyo, muyezo wake ndi womwewo wa msinkhu. Chimene mtsikana amasowa kawirikawiri ndi kholo lomuikira kumbuyo anthu akayamba kulankhula, ndiponso lamulo pakhomo loti alongo ake asamulande.

Tagula. Titani kuti mwana asavulale, njinga isafe msanga?

Chisoti chigulidwe tsiku lomwelo. M'kati mwa chabwino mumakhala chizindikiro cha muyezo, monga EN 1078 ya ku Ulaya kapena CPSC ya ku America. Chikhale chokwana, chophimba chipumi, lamba atamangidwa pansi pa chibwano. Chikamenyetsedwa kamodzi mwamphamvu chatha ntchito ngakhale chioneke chabwino kunja, n'chifukwa chake chakaunjika n'chokayikitsa. Nsapato zikhale zotseka. Mapedulo a BMX ali ndi timano, ndipo phazi la patapata likaterereka, timanoto timasenda msongolo.

Gwirizanani za malo okwerera. Msewu wa M1 ndi wa ku Nkhata Bay si malo ophunzirira luso, ndipo kanjinga kotsika kotere woyendetsa lole sakaona msanga. BMX imabwera yopanda nyale, ndiye dzuwa likalowa ikhale ili m'nyumba. Ana akafuna kuumba timilu tadothi todumphira, apemphe kaye kwa eni malo kapena kwa aphunzitsi aakulu ngati ndi pabwalo la sukulu, ndipo ayambe ndi kofika m'bondo.

Mvula ya kuno imagwa miyezi yambiri, ndipo chinyezi ndicho chimadya njinga. Isagone panja. Ikachoka m'matope aitsuke ndi ndowa ndi kansalu, aipukute, adontheze oyilo pang'ono patcheni n'kupukutanso wotsalayo kuti asakole mchenga. Oyilo asafike pamalimu pomwe pamagwira mabuleki. Mpweya wokwanira walembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo tayala lofewa ndilo limaboola chubu ndi kupinda limu podumpha. Valavu ya BMX ndi yofanana ndi ya galimoto, yosiyana ndi ya njinga zikuluzikulu zachikale, choncho pampu muiyese musanalipire. Mugulireni mwanayo masipanala a 15, 17 ndi 19 ndi makiyi a Allen a mamilimita 5 ndi 6, aphunzire kumanga yekha mabawuti a mahandulo ndi a mawilo asanakwere. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu chigulireni, bwererani nayo kwa wokonza uja akakoke masipoko ndi tcheni, chifukwa zatsopano zimayamba zamasuka.